Tithandizeni maina: tsiku lokumbukira akatswiri akuda pa nyimbo, zojambula ndi chikhalidwe

Mphunzitsi_Luchenza

Moni nonse a m'gulu muno. Ine ndimaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera kuno ku Luchenza, ndiponso ndine patironi wa kalabu ya zisudzo ndi chikhalidwe. Teremu ino ana abwera ndi maganizo oti tikonze tsiku lokumbukira anthu akuda amene anachita zazikulu pa maimbidwe, zojambula ndi chikhalidwe, akuti anaona pa foni kuti ku America amapatula mwezi wonse wa Febuluwale kuchita zimenezi. A hedi sanavute, atipatsa holo Lachisanu lina masana.

Nde Lachitatu lapitali ndinawauza kuti aliyense apite pa bolodi akalembe dzina limodzi la munthu amene akufuna timulemekeze. Bolodi inadzadza mpaka m'mphepete: Beyoncé, Michael Jackson, Burna Boy, Davido, Tupac, Diamond Platnumz, wina Bob Marley. Maina abwino ndithu, ine sindikuwakana ayi. Koma nditawafunsa kuti nanga Allan Namoko mukumudziwa, kalasi yonse inangoti zii, kupatula kamtsikana kamodzi ka Fomu 1 kamene kanati agogo ake amatchula dzinali akamamvera wailesi madzulo. Abale anga, ana obadwira m'boma la Thyolo, akumwa madzi a mitsinje yomweyi, osamudziwa Namoko. Zinandiwawa kwambiri moti usiku wake tulo sitinabwere msanga.

Nde ndati ndifunse kuno poti mutu umodzi susenza denga. Tiikepo ndani pa pulogalamu imeneyi, akunja ndi akwathu omwe, ndipo tiwauze chiyani anawa za munthu aliyense? Ndikufuna nkhani yoti mwana wa Fomu 2 akaimva aigwire, osati kungoloweza maina ngati akukalemba mayeso. Nthawi tili nayo ndi maola awiri basi.

Madala_aku_Thekerani

Aphunzitsi, mwandikhudza pamtima penipeni. Ine ndagwira ntchito pa esiteti ya tiyi mpaka kupuma, ndipo izi akulemba ndi mdzukulu wanga, ine ndikungomuuza. Yambani ndi Namoko, musazengereze. Munthu ameneyu anabadwa mu 1956, anali wosaona, koma banjo ikakhala m'manja mwake inkachita kulankhula. Bandi yake inali Chimvu River Jazz Band, dzina la mtsinje wa konkuno ku Thyolo, sanakabwereke dzina kutali ayi. Ankaimba Chichewa ndi Chilomwe, nyimbo za ana amasiye, za m'mabanja, za umphawi wathu womwewu, zoti ukamamva umati munthuyu akunena za pakhomo panga. Masiku amenewo wailesi inali imodzi yokha, MBC, nde nyimbo yake ya Lameki ikangoyamba kulira pa kawailesi ka mabatire ku komboni, azimayi ankasiya mbale zili m'madzi, ife tangoweruka kothyola tiyi msana ukuwawa koma umapezeka phazi layamba lokha kuponda. Anamwalira mu 1995 asanakwanitse ndi zaka 40 zomwe, ndipo chuma cha nyimbo zake sanachidye.

Koma anawo muwauzenso za banjo yeniyeniyo, chifukwa pamenepo ndi pamene nkhani yawo ya ku America ikukumana ndi yathu. Chida chimenechi anachiyambitsa ndi anthu akuda amene anagwidwa ukapolo kumadzulo kwa Africa n'kuwolotsedwa nyanja kupita ku zilumba za Caribbean ndi ku America. Atafika uko anakumbuka zoimbira za kwawo, anatenga chipanda, kuchidula, kukutira chikopa, kuikapo mtengo ndi nsambo, banjo n'kubadwa. Patapita nthawi azungu anayamba kuipanga m'mafakitale, kenako inabwerera kuno m'manja mwa asilikali ochokera ku nkhondo yachiwiri ija ndi amuna amene ankapita ku Joni pa Wenela, ena ku Salisbury, komwe lero ndi ku Harare. Nde mwana akamaona chithunzi cha Namoko atakumbatira banjo adziwe kuti chinthucho chinayenda ulendo wautali chisanafike ku Thyolo.

Malemu malume anga ankazipanga okha pakhonde ine ndikuona. Ankatenga chigubu chachitsulo cha mafuta ophikira, kuchiboola, chikopa cha mbuzi chonyowa kuchikoka bwinobwino n'kukhomera timisomali kuzungulira, kenako padzuwa masiku angapo kuti chiume chili chokungika. Mtengo wake ankasema ndi kasemasema, nsambo zinali waya wa mabuleki a njinga, ankachita kuumasula kamodzikamodzi. Kukachita chinyezi monga kumachitira kuno nthawi ya chiperoni chikopa chimakhwefuka mawu n'kufa, nde asanayambe kuimba ankayamba aiwamba pamoto monga timachitira ndi ng'oma, kumaigogoda ndi chala mpaka ilire bwino. Ngati alipo wopanga banjo kufupi ndi sukulu yanuyo muitaneni, ana aigwire ndi manja awo.

Enanso musawaiwale ndi a Kachamba, Daniel ndi mng'ono wake Donald, a m'mudzi mwa Singano ku Chileka. Kwela anakaidziwira ku Salisbury ali ana, nyimbo ya kachitoliro kachitsulo ija imene inatchuka ku Johannesburg ndi a Spokes Mashiyane, koma iwo anaipotoza kukhala yawoyawo. Mzungu wina wa ku Austria wofufuza za nyimbo, Gerhard Kubik, anakumana nawo ku Blantyre mu 1967, ndipo kuchokera pamenepo nyimbo zawo zinayenda maiko ambiri. Daniel anatisiya mu 1987. Donald anafika pokaphunzitsa nyimbo zathu pa yunivesite ya UCLA ku America mu 1999, n'kumwalira mu 2001. Mwana wa pa Chileka kukaimirira kutsogolo kwa ophunzira a ku California, anawo ayenera kumva zimenezi.

Ras_wa_pa_Chitakale

Ulemu kwa inu madala, mwayankhula zakupsa. Koma aphunzitsi ine pempho langa musafufute Bob Marley pa bolodipo, mwana amene analemba dzinalo anaganiza bwino kungoti ambiri amangodziwa chithunzi cha pa tisheti ndi madiredi basi. Auzeni za Epulo 1980. Zimbabwe ikulandira ufulu, Bob anaitanidwa ndipo analipira ndi ndalama zake kunyamula bandi ndi zida zonse zoimbira pa ndege, n'kukaimba pa Rufaro Stadium usiku womwe mbendera ya Britain inatsitsidwa. Anthu amene anatsekeredwa kunja anakankha geti kufuna kumuona, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi, oimba anzake anachoka pa siteji koma iye anapitirizabe kwakanthawi, mawa lake n'kuimbanso kuti amene anamanidwa aja amuone. Chaka chotsatira pa 11 Meyi 1981 khansa inamutenga ali ndi zaka 36 zokha. Munthu wa ku Jamaica koma mtima wake unali kuno, n'chifukwa chake mpaka lero ukakwera minibasi ya Limbe kupita ku Muloza sungafike pa Chitakale osamvako rege.

Ndipo mukachoka pa Bob mutsikire pa Evison Matafale, apo ana aona okha kuti chingwe chake n'chimodzi. Wa ku Chileka nayenso, anayambitsa Black Missionaries, anatulutsa zimbale za Kuimba 1 ndi Kuimba 2 basi koma rege ya m'Chichewa anaifikitsa pomwe inali isanafikepo. Ankanena zimene ena ankaopa kunena, anamangidwa chifukwa cha kalata yodzudzula olamula, n'kumwalira ali m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001. Ine nthawi imeneyo ndinali Fomu 3, uthenga tinaumva pa kawailesi ka mlonda wa pa sukulu, anyamata akuluakulu a ndevu zawo analira poyera osachita manyazi. Ma Blacks anapitiriza ndi ana a Robert Fumulani, Musamude kenako Anjiru, nde dzina la Kuimba silinafe.

Lucky Dube ndiye sindichita kunena, kuno timamutenga ngati wathu. Anayamba ndi mbaqanga asanalowe rege, anaimba zotsutsa tsankho dziko lake likadali pansi pa azungu, ndipo achifwamba ofuna galimoto anamuwombera ku Rosettenville mu Okutobala 2007 akutsitsa ana ake. Komanso Soja Lucius Banda tinamutaya mu Juni 2024, ameneyo anawo akumudziwa, muwapatse mpata aimbeko imodzi yomwe iwo asankhe.

Anaphiri_Limbuli

Ndawerenga zonse, zabwino ndithu, koma abambo inu mwatchula amuna okhaokha. Aphunzitsi, m'kalabu mwanumo atsikana alimo angati? Nawonso akufuna aone munthu wofanana nawo pa pulogalamupo.

Miriam Makeba asasowe. Anabadwa mu 1932 ku Johannesburg, ali khanda la masiku ochepa analowa m'ndende limodzi ndi mayi ake amene anamangidwa chifukwa chofulula mowa, miyezi 6 yoyamba ya moyo wake anathera mmenemo. Atatchuka n'kupita kunja, mu 1960 mayi ake anamwalira, iye pofuna kubwera kumaliro anapeza kuti boma la azungu lamuphera pasipoti. Tangoganizani, mayi ako okubala kuikidwa iwe kulibe. Sanakhale chete, mu 1963 anakayankhula ku United Nations za nkhanza za tsankho, kwawo n'kuletsa nyimbo zake, mu 1966 analandira Grammy pamodzi ndi Harry Belafonte, anakakhala ku Guinea zaka zambiri, kwawo anabwerera mu 1990 Mandela atatuluka m'ndende. Zaka zonsezo sanasiye kuimba m'Chixhosa ndi m'Chizulu, tsitsi lake lachilengedwe osaliwongola, nthawi imene ambiri ankaona ngati kukongola n'kufanana ndi mzungu. Anamwalira mu 2008 ku Italy atangomaliza kuimba. Mtsikana mmodzi avale chitenje ndi duku afotokoze nkhani imeneyi ngati iyeyo ndi Makeba, muona mmene holo ikhalire chete.

Ku zojambula ndikupatsani Esther Mahlangu, gogo wa Chindebele wa ku South Africa wobadwa mu 1935. Luso lake analiphunzira kwa mayi ake ndi agogo ake ali kamtsikana, kujambula makoma a nyumba, mizere yowongoka bwino popanda rula, burashi yake nthenga za nkhuku. Mu 1991 a BMW anamupatsa galimoto kuti aijambule, mzimayi woyamba kupatsidwa mwayi umenewo. Ine nditaona zithunzi zake koyamba ndinakumbuka amayi anga. Chaka chilichonse Khirisimasi isanafike ankapita kudambo ndi dengu kukakumba dothi lakuda, lofiira ankalitenga pa chulu china kuseri kwa munda, loyera ankasungunula phulusa, nde ankazira khonde ndi khoma lonse lakumaso, m'munsi lakuda, pamwamba timaluwa ndi timizere tokhotakhota tojambula ndi chala ndi kansanza. Nkhulungo yawo inali yosalala ngati dzira, ankaibisa patsindwi, mwana ukaiseweretsa unkakalipiridwa. Anthu odutsa pa msewu ankaima kumayang'ana nyumba yathu. Palibe anawatchulapo kuti ndi katswiri wa zojambula, tinkangoti amayi akuzira. Koma kusiyana kwawo ndi Esther Mahlangu n'kotani, kupatula kuti winayo anthu akunja anamuona?

Ndipo tsiku lotere m'dera la Alomwe lingathe bwanji popanda tchopa? Mu 2014 a UNESCO anaika tchopa pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika pa dziko lonse lapansi, monganso Gule Wamkulu ndi vimbuza zomwe analengeza mu 2005. Ana ambiri amangomuona ku Chonde pa Mulhako mu Okutobala, osadziwa kuti ankavinidwa anthu akakolola bwino, alenje akabwerako ndi nyama, kapena popereka nsembe kwa makolo mvula ikakana ngakhale mliri ukagwa. Ng'oma zitatu zosiyana kukula, ovina kuzungulira bwalo akupingasana, ena atabereka mitolo ya makasu, zikopa, zidole ndi ziwiya zakale kumsana. Amene anapeka gule ameneyu ndi makolo athu omwewa, akatswiri akuda amene mukufunawo ndi amenewonso. Ndipo poti kalabu yanu ndi ya zisudzo tchulani Gertrude Kamkwatira pambali pa Du Chisiza Jr, anagwira naye ntchito ku Wakhumbata ndipo Du atamwalira mu 1999 iye anatsogolera gululo kenako n'kuyambitsa lake la Wanna Do.

Ras_wa_pa_Chitakale

Zoona amayi, mwatikonza ndipo talandira. Za kuzira zija mwandikumbutsa agogo anga akazi ku Nkando, nawonso khonde lawo linali lotero.

Junior_Bvumbwe

Aphunzitsi ndi makolo nonse, ine ndangomaliza Fomu 4 chaka chatha nde ndiwayankhulireko anzangawo. Sikuti timadana ndi zakwathu ayi, koma Namoko tikanamumvera kuti? Ukapita kobenetsa nyimbo amakuikira mu memori khadi zomwe zili pa kompyuta yawo, amapiano, afrobeats, gospel, ukafunsa zakale amati tilibe, bandulo ya intaneti nayo ndi yodula sungamangosaka munthu amene sunamumvepo ndi dzina lomwe. Onani za gogo Giddes Chalamanda. Anabadwa 1930 ku Chiradzulu, akhala akuimba moyo wawo wonse, ku America anapitako 2016, koma ambiri a ife tinawadziwa pomwe Namadingo anakhala nawo pansi n'kujambula nawo mu 2020, kenako Linny Hoo inaphulika pa TikTok anthu a maiko ena kumavina mawu osawamva. Nyimbo yomwe ija yakalekale, inkangofuna wina aibweretse pomwe ife tili.

Nde ine maganizo anga maina ali pa bolodiwo musawataye, aliyense ayambire pomwepo. Amene analemba Burna Boy mumuuze kuti agogo ake aamuna, Benson Idonije, anali manejala wa Fela Kuti, ndipo afrobeats timavinayi dzina lake linachokera ku afrobeat ya Fela, munthu amene asilikali pafupifupi 1000 anamuwotchera nyumba ku Lagos mu 1977 chifukwa cha nyimbo yowadzudzula, n'kuponya mayi ake pawindo. Amene analemba Michael Jackson afufuze za Manu Dibango wa ku Cameroon, mawu ena otchuka mu nyimbo ya Michael anatengedwa mu nyimbo ya Dibango ya 1972 mpaka anachita kumulipira. Aliyense atsate dzina lakelo chobwerera mpaka afike ku Africa kuno, zimakoma ukazitulukira wekha kusiyana n'kuuzidwa.

Bambo_a_Tiya_Chonde

Ndiwonjezereko pang'ono aphunzitsi. Mwezi wa ku America umene anawo anaonawo unayamba ngati sabata imodzi mu 1926, anayambitsa ndi Carter G. Woodson, mwana wa anthu omwe anali akapolo, ataona kuti mabuku a sukulu sankanena za anthu akuda. Vuto lake linali lomwelo mwakumana nalo pa bolodi lanu. Ndipo ubale wathu ndi anthu akuda a ku America sunayambe ndi foni, John Chilembwe anakaphunzira ku Lynchburg, Virginia, pa sukulu ya anthu akuda, anabwerako mu 1900, ndipo ku PIM ku Mbombwe anabwera kudzamuthandiza Landon Cheek ndi mayi Emma DeLaney, onse akuda. Ku Chiradzulu komweku, pafupi zedi ndi sukulu yanu.

Koma dzina limene ine ndikupempha ndi Michael Sauka. Ana anu amaimba nyimbo yake pa asembule ataima njo, afunseni anapeka Mlungu Dalitsani Malawi ndani muone ngati mikono ikwere. Nyimbo yake inapambana pa mpikisano n'kukhala nyimbo ya fuko mu 1964. Muike pambali pake Enoch Sontonga, mphunzitsi ngati inu nomwe, amene mu 1897 anapeka Nkosi Sikelel' iAfrika, yomwe maimbidwe ake lero ali mu nyimbo za fuko za South Africa, Tanzania ndi Zambia.

Palinso El Anatsui wa ku Ghana, amalumikiza zitsekerero za mabotolo masauzandemasauzande ndi waya wa kopa n'kupanga chinthu chonga nsalu yaikulu yophimba khoma lonse, ntchito zake zafika m'nyumba zikuluzikulu zoonetsera luso ku London ndi New York. Ana atolere zitsekerero pa msika wa Luchenza ayese yawo muikhome m'holomo. Ndipo ngati mungathe itanani mmodzi mwa amisiri osema a pa Likhubula paja, abwere ndi zida zake aseme ana akuona.

Mphunzitsi_Luchenza

Zikomo kwambiri nonse, mwandipatsa zambiri kuposa zomwe ndinapempha. Dzulo ndinawawerengera ana zomwe mwalembazi, ya banjo ija anandipempha kuti ndibwereze. Junior, njira yako taitenga, aliyense wapatsidwa ntchito yotsata dzina lake ndipo wa Burna Boy uja wabwera kale ndi tsamba lathunthu la Fela. Anaphiri, atsikana alimo 19, atatu akukanganirana kukhala Makeba, ena apempha kuti azire khoma limodzi la holo ndipo a hedi avomera bola dothi akakumbe okha. Kamtsikana ka Fomu 1 kaja kakafunsa agogo ake, avomera kubwera kudzafotokoza okha za Namoko, m'Chilomwe, iko kazimasulira. Gulu la tchopa la m'mudzi woyandikana nafe nalo lavomera, tikusonkha ya thiransipoti ya ng'oma ndi ya chakudya. Chatsala n'chimodzi, nyimbo za Namoko zomveka bwino zoti ana amve. Alipo ali nazo?

Madala_aku_Thekerani

Aphunzitsi, kaseti ya Namoko ndili nayo, yakhala m'sutikesi zaka zonsezi yokulungidwa m'pepala la pulasitiki kuopa chinyezi. Wailesi ya kaseti nayo ikugwirabe, imangofuna mabatire 6 akuluakulu. Mdzukulu wangayu akuti akhoza kujambula pa foni n'kukutumizirani, koma ine ndati ayi, ndibwera nayo ndekha anawo aone mmene tinkaibwezera ndi bolopeni. Kuchoka ku Thekerani n'kutali nde ndidzanyamuka Lachinayi ndikagone kwa mwana wanga pa Thyolo boma. Mundiuze tsiku lake msanga, ndipo mundisungire mpando kufupi ndi agogo ake a mtsikanayo.